Lole yolipira pang'onopang'ono: kumene ndalama za dalaivala watsopano zimathera

Chigawo cha Tete, kuno ku Mozambique, chimadalira kwambiri malole. Katundu wochokera kudoko la Beira amakwera ndi msewu wa N7 kudutsa ku Changara, n'kuoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, ndipo wina amalunjika ku Zóbuè kukalowa m'Malawi, wina amakhotera ku Ulónguè kukatulukira pa Calómuè, pomwe wina amapita ku Cassacatiza kukalowa m'Zambia. Mnyamata wa ku Moatize kapena ku Angónia amene wangotenga layisensi ya magalimoto akuluakulu amaona malole amenewa tsiku ndi tsiku, ndipo sizodabwitsa kuti akauzidwa kuti angathe kutenga lole lero, n'kumalipira mwezi ndi mwezi mpaka idzakhale yake, mtima wake umadumpha. Chilakolako chimenechi n'chabwino, chifukwa palibe cholakwika kufuna kusiya kudikira malipiro a bwana. Vuto lili m'kapangidwe ka mgwirizanowo: dalaivala amasenza mavuto onse a mwini lole pomwe loleyo sinakhale yake, ndipo ndalama yoti alipire imafunika mwezi uliwonse pomwe imene amapeza imakwera ndi kutsika.

Mapangano amene anthu amawatchula ndi dzina limodzi ndi osiyana kwambiri. Pali umene banki imagula lole n'kuipereka kwa inu kuti muzigwiritsa ntchito, mapepala a Chipwitikizi amautcha locação financeira, ndipo pamapeto pake mumaloledwa kuigula polipira ndalama yotsala yotchedwa valor residual. Pali kubwereka chabe, komwe mungalipire zaka zambiri koma lole ibwerera kwa mwini wake. Ndiyeno pali umene ukufala pakati pa anthu wamba, pamene kampani yonyamula katundu kapena munthu wamalonda akupatsani lole yake yakale, iye yemweyo n'kumakupatsani katundu, n'kumadula ndalama yake pa ulendo uliwonse. M'mapangano onsewa, mapepala a umwini amakhala m'dzina la wobwereketsa mpaka ndalama yomaliza italipidwa. Munthu amene walipira miyezi 30 mwa miyezi 36 sakhala ndi gawo lililonse la loleyo pamaso pa lamulo pokhapokha mgwirizano utanena zimenezo poyera, ndipo ambiri amazindikira mfundo imeneyi tsiku limene makiyi akulandidwa.

Tiyambe ndi masamu a banki, chifukwa ndiwo osavuta kuwaona. Tiyerekeze kuti hosi yakale, kutanthauza mutu wa lole wokhala ndi injini, pamodzi ndi ngolo yake ikugulitsidwa meticais 3,000,000, inu mwapereka 600,000 poyambira, ndipo 2,400,000 yotsalayo muilipira kwa miyezi 36 pa chiwongoladzanja cha 22 peresenti pachaka. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma mawerengedwe ake ndi enieni. Mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi 91,700, ndipo pakutha pa zaka zitatu mudzakhala mutapereka pafupifupi 3,900,000 pa lole ya 3,000,000, imene panthawiyo idzakhala itakalamba ndi zaka zina zitatu. Chimene ambiri sachiona n'chakuti m'mwezi woyamba, 44,000 mwa ndalama imene mwapereka ndi chiwongoladzanja chokha. Mukalipira chaka chathunthu osaphonya, mudzakhala mutatulutsa ndalama pafupifupi 1,100,000, koma ngongole idzakhala idakali pafupifupi 1,770,000. Izi zikutanthauza kuti nthawi imene dalaivala watsopano ali wosadziwa zambiri, wopanda makasitomala ake, ndiponso wopanda ndalama yapadera, ndiyo nthawi yomweyo imene kulephera kumamuwonongetsa kwambiri.

Chiwongoladzanja nachonso sichiima malo amodzi. Ngongole zambiri m'dziko muno zimamangiriridwa ku prime rate, mlingo umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo banki imawonjezerapo gawo lake malinga ndi mmene ikumuonera wobwereka. Kuchiyambi kwa 2021 mlingowu unali pansi pa 16 peresenti, koma pofika pakati pa 2023 unali utafika pa 24 peresenti. Amene anasaina pa nthawi yotsika anaona ndalama yamwezi ikukwera popanda iye kulakwitsa chilichonse. Wobwereka watsopano, amene alibe mbiri kubanki, ndiye amapatsidwa chiwongoladzanja chokwera kuposa makampani akuluakulu amene akupikisana nawo pa katundu yemweyo. Ngati mgwirizano walembedwa m'madola kapena m'marandi, monga zimachitikira pamene lole yachokera ku Joni, chiopsezo chimawirikiza. Kuchiyambi kwa 2015 dola imodzi inali pafupifupi meticais 33, ndipo pofika Okutobala 2016, nkhani ya ngongole zobisika za boma itaphulika, inali itayandikira 80. Metical yakhala yokhazikika kwa zaka zingapo kuchokera mu 2021, koma mgwirizano wa zaka zitatu kapena zinayi ndi wautali mokwanira kuti zinthu zisinthe, ndipo zipangizo za lole pafupifupi zonse zimagulidwa kunja.

Komabe banki si imene imadya gawo lalikulu. Lole yodzaza katundu imayenda pafupifupi makilomita awiri pa lita imodzi ya dizilo, choncho ulendo wochoka ku Tete kupita ku Beira ndi kubwerera, womwe ndi pafupifupi makilomita 1,200, ungafune malita oyandikira 600. Dizilo akakhala pa meticais 90 pa lita, ndiye kuti 54,000 yapita pa mafuta okha. Hosi ya matayala khumi yokoka ngolo ya ma ekiselo atatu imaponda pansi ndi matayala 22, ndipo kutentha kwa chigwa cha Zambezi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kuphatikizapo maenje a mumsewu, sikuchitira chifundo tayala lotha. Onjezeranipo ndalama za pazipata zolipiritsa, msonkho wa msewu wa mayiko ena, malipiro a othandiza kutulutsa katundu pamalire, chakudya, malo oimika lole usiku ndi kamnyamata kothandizira. Zonsezi dalaivala wolembedwa ntchito amaziona zikulipidwa ndi bwana ndipo saziwerengera. Akamva kuti ulendo umodzi ukulipidwa ndalama zakutizakuti, amaganiza kuti bwana akulemera ndi thukuta lake, pomwe chimene chimatsala pambuyo pochotsa zonse nthawi zambiri chimakhala chochepa, ndipo bwanayo amapulumuka chifukwa ali ndi malole ambiri: imodzi ikafa, zina zimalipira ngongole yake.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni pakati pa kampani ndi munthu wa lole imodzi. Malole amene amaperekedwa kwa madalaivala atsopano kawirikawiri ndi amene ayenda kale makilomita ochuluka, kaya ndi Freightliner, Volvo ndi Scania zakale kapena Howo ndi FAW zimene zagwira ntchito yolemetsa. Mwini wake amadziwa bwino nthawi imene injini, giyabokosi kapena difu zimayamba kufuna ndalama zambiri, ndipo nthawi zina ndicho chifukwa chake akufuna kuichotsa m'manja mwake. Mgwirizano umaika kukonza konse pamutu pa wobwereka. Lole ikafera pakati pa Guro ndi Catandica ili ndi katundu wa eni, pamafunika kulipira makaniko wochokera kutali, mlonda woyang'anira katundu, mwinanso lole ina yodzapitiriza ulendo, kenako kudikira chipangizo chochokera ku Beira, ku Harare kapena ku Joni. Masabata atatu angathe lole ili chiimire, koma tsiku lolipira silisuntha. Ambiri amathamangira kwa akatapila kuti akonzetse lole, ndipo kuyambira pamenepo amakhala ndi ngongole ziwiri pa lole imodzi yomwe si yawo.

Lole imaimanso pa zifukwa zimene palibe makaniko angazikonze. Mizere ya pamalire ndi kudikira padoko zimadya masiku, ndipo dalaivala wamng'ono alibe mphamvu yokakamiza mwini katundu kumulipira masiku amenewo. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anadula msewu wa N6 wolowa ku Beira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mlatho wa pamtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Mu 2016 magalimoto a pa N7 ankayenda moperekezedwa ndi asilikali chifukwa cha kuwomberana kwa m'chigawo chapakati, ndipo kumapeto kwa 2024 zionetsero za pambuyo pa chisankho zinatseka misewu m'madera ambiri. M'zaka zosakwana khumi, njira imeneyi yasokonekera kangapo, choncho amene akusaina mgwirizano wa zaka zitatu ayenera kuyembekezera kuti mwezi umodzi kapena iwiri idzapita popanda kulowetsa kanthu.

Nkhani ya katundu ndiyo imanyenga kwambiri kuno kwathu. Anthu amaloza migodi ya malasha ya ku Moatize n'kunena kuti ntchito siingathe, koma malasha ambiri amapita kunyanja pa sitima, kudzera njanji ya Sena kupita ku Beira ndi njanji ya Nacala yodutsa m'Malawi. Ntchito za malole zozungulira migodi zimapita kwa makampani okhala ndi mapepala okwanira, malole atsopano ndi mbiri yabwino ya chitetezo, ndipo zimasintha eni mgodi akasintha, monga zinakhalira pamene Vale inagulitsa mgodi wake kwa Vulcan mu 2022. Katundu wa ulimi, monga fodya wa ku Macanga ndi Chifunde, chimanga, soya ndi mbatatesi za ku Angónia ndi Tsangano, amachuluka pambuyo pokolola n'kuchepa m'dzinja, pomwe feteleza amakwera kuchokera kudoko mvula isanayambe. Lole imene yapita ndi katundu n'kubwerera yopanda kanthu imawotcha mafuta a maulendo awiri pa malipiro a ulendo umodzi. Dalaivala watsopano sadziwana ndi eni katundu, motero amadalira anthu apakati amene amatengapo gawo lawo, ndipo ngakhale ntchito itagwirika bwino, makampani ambiri amalipira patapita masiku 30 kapena 60 atalandira mapepala. Mafuta amafuna ndalama lero, banki imafuna yake kumapeto kwa mwezi, koma malipiro abwera mwezi wa mawa. Bizinesi yopindula papepala ingathe kugwa chifukwa cha mpata umenewu wokha.

N'chifukwa chake mgwirizano wachitatu uja, wa bwana amene akupereka lole ndi katundu pamodzi, umaoneka ngati chipulumutso. Safuna mbiri ya kubanki, nthawi zina safuna ndalama yoyambira, ndipo amalonjeza kuti katundu sadzasowa. Ine ndikuona kuti umenewu ndiwo woopsa kuposa yonse. Munthu mmodzi ndiye mwini lole, ndiye wosankha ulendo umene mupite, ndiye woika mtengo wa ulendowo, ndiye wokugulitsani mafuta ndi matayala pangongole, ndiponso ndiye wosunga buku la maakaunti. Kawirikawiri simuloledwa kunyamula katundu wa wina. Akuluakulu amene anagwirapo utenanti m'maesiteti a fodya ku Malawi amaudziwa bwino mchitidwe umenewu: mwini munda amakongoza chakudya ndi feteleza, iye yemweyo n'kugula fodya pamtengo wake, ndipo pakutha pa chaka tenanti amauzidwa kuti ngongole yadya zonse. Sikuti bwana aliyense ali ndi mtima woipa, koma mgwirizanowu unapangidwa mwa njira yoti kulephera kwa dalaivala sikumupweteka mwini lole. Akalephera pa mwezi wa 20, lole imabwerera yokonzedwa ndi ndalama za dalaivala, ndalama zolipidwa kale zimawerengedwa ngati lendi, ndipo mnyamata wina amasainitsidwa pa lole yomweyo. Katundu akachepa, n'zachibadwa kuti kampani iyambe yadzaza malole ake amene ili ndi madalaivala olipidwa pamwezi, wobwereka n'kutsala akudikira.

Zimenezi si mantha chabe, chifukwa kumene mchitidwewu unakula kwambiri zotsatira zake zinalembedwa. Ku United States, nyuzipepala ya USA Today inafufuza mu 2017 za madalaivala a m'madoko a ku California amene ankalipira malole kudzera m'makampani owapatsa ntchito, ndipo inapeza ena amene ankatsala ndi ndalama yosakwana dola imodzi pa sabata atadulidwa zonse, komanso ena amene analandidwa malole atadwala kapena atachedwa kulipira, n'kutaya zonse zimene anapereka. Boma la kumeneko linakhazikitsa gulu lofufuza nkhaniyi lotchedwa Truck Leasing Task Force, ndipo mu Januwale 2025 gululo linalangiza kuti mapangano oterewa, pamene kampani yonyamula katundu ndiyo ikubwereketsanso lole kwa dalaivala wake, aletsedwe. Malamulo a kumeneko si athu, mitengo yawo si yathu, koma kapangidwe ka msampha n'kamodzi, ndipo kuno dalaivala amene mgwirizano wake ndi wapakamwa kapena wolembedwa pa kapepala kamodzi ali pachiopsezo choposa.

Kukhala watsopano nakonso kuli ndi mtengo wake. Dalaivala wosazolowera amawotcha mafuta ambiri pa mtunda womwewo, amatha mabuleki ndi klatchi msanga pamitsetse yotsika kuchokera kumapiri a Angónia ndi Zóbuè, ndipo sanaphunzire kugawa katundu pangolo kuti ekiselo iliyonse isapitirire mlingo. Pasikelo chindapusa chimagwera wonyamula, ngakhale amene anaumiriza kuwonjezera matumba ndi mwini katundu. Inshuwalansi yokakamizidwa ndi lamulo imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera zinthu, osati lole yanu. Wobwereketsa amafuna inshuwalansi yonse, yomwe ndi yodula, ndipo ngozi ikachitika pamakhala gawo lotchedwa franquia limene mumalipira nokha. Katundu wa eni amafuna inshuwalansi yakeyake, ndipo akabedwa kapena kunyowa popanda imeneyi, mtengo wake ungapose wa lole. Potuluka m'dziko pamafunikanso inshuwalansi yovomerezeka kumene mukupitako. Lole ikawonongekeratu, kampani ya inshuwalansi imalipira mtengo wa lole pa tsiku la ngozi, ndalamayo imapita kwa mwini wake wa pamapepala, ndipo ngati siikwanira ngongole yotsala, kusiyanako kumatsala pamutu panu.

Pali china chimene chimatayika mwakachetechete. Wolembedwa ntchito amadulidwa 3 peresenti ya malipiro ake kupita ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni ndi chithandizo cha ogwira ntchito, bwana n'kuwonjezerapo 4 peresenti, ndipo akadwala kapena kuchotsedwa ntchito lamulo limamuteteza penapake. Wobwereka lole amawerengedwa ngati wabizinesi: ayenera kukhala ndi nambala ya msonkho yotchedwa NUIT, chilolezo chonyamula katundu, kulipira misonkho yake, ndi kudzilembetsa yekha ku INSS ngati akufuna. Malungo a sabata ziwiri amatanthauza kuti lole yaima kapena yaperekedwa kwa dalaivala wina wofunika kulipidwa. Ndipo pamene ndalama yamwezi ikuyandikira, munthu amayamba kuyenda usiku osagona, kuchedwetsa kusintha matayala, kapena kuvomera katundu wopitirira mlingo. Apa ngongole imasanduka nkhani ya moyo wa dalaivala ndi wa anthu oyenda pamsewu, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi siyenera kutengedwa mopepuka m'mabanja mwathu.

Mabanja ndiwo amalipira zinthu zikavuta. Ndalama yoyambira kawirikawiri imachokera ku ng'ombe zimene bambo agulitsa, ku chipereganyu cha mayi, kapena kwa mchimwene wogwira ntchito kumgodi. Banki imafuna munthu woimira ngongole, avalista, ndipo nthawi zambiri imasainitsa pepala lolonjeza kulipira lotchedwa livrança, losalembedwa ndalama, limene lidzadzazidwa tsiku limene wobwereka walephera. Amalume aphunzitsi kapena mlamu wogwira ntchito m'boma amene asaina pepala limeneli poganiza kuti akungochitira umboni, akuvomera kulipira ngongole yonse. Lole ikalandidwa n'kugulitsidwa mofulumira pamtengo wotsika, chotsala chimatsatira wobwereka ndi womuimira, ndipo dzina limalowa m'kaundula wa ngongole wa Banco de Moçambique, kumene mabanki ena amayang'ana asanakongoze munthu.

Izi sizikutanthauza kuti palibe amene anapindulapo. Amene zimawayendera amakhala oti ayendetsa malole a eni kwa zaka zingapo, akulemba m'kabuku mafuta, matayala ndi masiku oima a ulendo uliwonse, mpaka kudziwa mtengo weniweni wa kilomita imodzi panjira yawo. Amakhala ndi eni katundu awiri kapena atatu owadziwa ndi dzina, komanso ndalama yapadera yokwanira kulipira miyezi itatu lole itaima, kuwonjezera pa yokonzetsera. Ena amayamba ndi lole yaing'ono yogula ndi ndalama zawo, yonyamula mbatatesi ndi chimanga kuchokera ku Ulónguè kupita mumzinda wa Tete, kumene kulakwitsa sikugwetsa banja lonse.

Amene watsimikiza kusaina atenge pepalalo kupita nalo kunyumba, ndipo wobwereketsa wokana zimenezi wadziulula kale. Popeza mapangano amalembedwa m'Chipwitikizi cha zamalamulo, chimene chimavuta ngakhale amene anapita kusukulu, ndi bwino kulipira loya kapena munthu wodziwa maakaunti amene sali kumbali ya wobwereketsa kuti afotokoze ndime iliyonse. Lole iyesedwe ndi makaniko wosankha inu, ndipo manambala a injini ndi chasisi afanane ndi a pamapepala, pofufuzanso ngati loleyo si chikole cha ngongole ina ya mwini wake, chifukwa ngati iye alephera kubanki yake, lole ingalandidwe inu mukulipira bwinobwino. Mgwirizano unene m'manambala ndalama yonse yolipira kufikira kumapeto, valor residual, masiku ololedwa kuchedwa, zimene zidzachitikire ndalama zolipidwa kale ngati mwasiya panjira, ndiponso ngati muli ndi ufulu wonyamula katundu wa ena pamene kampani ilibe. Ndalama iliyonse yodulidwa ikhale ndi lisiti, ndipo siginecha za mbali zonse zitsimikizidwe kwa notário, mkulu wotsimikizira mapepala mwalamulo, kuti pepalalo lidzathe kuima m'khoti.